Mfuti yolowa m'malo mwa G36: n'chiyani chinachedwetsa Germany zaka zonsezi?

Kachingwe:
Akuluakulu, ndili ndi funso kwa inu amene mumazitsata za zida. Mu Epulo 2015 nduna ya zachitetezo ya ku Germany, Ursula von der Leyen, inalengeza kuti mfuti ya G36 ilibe tsogolo m'gulu lawo lankhondo la Bundeswehr. Ndalama zogulira mfuti ina zinavomerezedwa mu Disembala 2022. Zaka zoposa 7 kungosankha chabe, kulandira kusanayambe n'komwe. Chikhalirecho fakitale yopanga G36 ya Heckler & Koch ili pakhomo pawo pomwe, ku Oberndorf. Kodi vuto linali mfuti kapena anthu olemba tenda? Nanga G36 yo inalidi yoipa monga ankanenera?

Gondwe:
A Kachingwe, tiyambire pa mfutiyo. G36 inalowa ntchito mu 1997 m'malo mwa G3 yakale ija ya zipolopolo za mamilimita 7.62. Iyo imadya za 5.56x45 za NATO, mpope wake ndi wa mamilimita 480, ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 3.6 yopanda magazini. Kuti ipepuke chonchi, thupi lake analiumba ndi pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi. Mpope amaumangirira pa kachitsulo kamene anakamiza m'pulasitikimo poumba. Galasi lolozera silikhala pa mpope, limakhala pa chogwirira cha pamwamba, chomwenso ndi cha pulasitiki. Ndiye kuti mpope ndi galasi zimagwirana kudzera m'pulasitiki. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Mukawombera motsatizana, moto wa mumpope umayenda n'kukafika pa kachitsulo kaja, pulasitiki yozungulira n'kuyamba kufutukuka mosafanana. Sikuti imasungunuka ayi, mfuti imalirabe bwinobwino. Chimene chimasuntha ndi kumene chipolopolo chikukagwera. Werengani nokha: mpope wa mamilimita 480 ukapendekeka ndi theka la milimita kukamwa kwake, pa mamita 100 chipolopolo chimapatuka ndi masentimita pafupifupi 10, pa mamita 300 ndi masentimita 30. Chifuwa cha munthu m'lifupi ndi masentimita 45 kapena 50. Mwalozera pakati penipeni, chipolopolo chadutsa m'mbali. Dzuwa nalo likawomba mbali imodzi ya mfuti kwa nthawi yaitali limachita zomwezo, ngakhale musanawombere n'kamodzi komwe.

Che Saidi:
Pang'ono kaye a Gondwe. Musaike mlandu wonse pa pulasitiki. Mu 2014 unduna womwewo unanena kuti vuto lili ndi zipolopolo za kampani imodzi, zimene chikuto chake sichinapangidwe bwino, ndipo mfuti ilibe mlandu. Patangotha chaka anatembenuka n'kunena kuti ndi mfuti. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, chifukwa chikuto choipa chimasiya zinyalala m'mizere ya mumpope, ndipo mpope ukatentha kumwazika kumakula. Komanso palibe mfuti yopepuka imene imawombera mofanana ili yozizira ndi ili yotentha. Mpope wopyapyala wachitsulo nawo umapindika ukapsa. Funso ndi lakuti umapatuka motani, pambuyo pa zipolopolo zingati.

Gondwe:
Zoona Che Saidi, koma mayeso a 2015 anachitidwa ndi zipolopolo za makampani osiyanasiyana, ndipo anaika mfuti zina pambali poyerekezera. Anayesa a bungwe lofufuza la Ernst-Mach-Institut pamodzi ndi malo a boma oyesera zida a ku Meppen. Njira yawo inali kuwombera zipolopolo 150 m'mphindi 20, kutsanzira msilikali amene wapanikizidwa pankhondo. Lipoti linati kutentha kwa kunja kukasintha ndi madigiri 30, kugunda chandamale kunkatsika mpaka 7 pa 100 alionse, pamene iwo ankafuna 90. Zipolopolo zabwino zinachepetsako vuto, sizinalithetse.

Nankhoma:
Abambo inu mukukangana za chitsulo ndi pulasitiki, koma mlandu unakathera kukhoti ndipo boma linagonja. Mu Seputembala 2016 khoti la ku Koblenz, mzinda umene kuli ofesi yogula zida za Bundeswehr, linagamula kuti Heckler & Koch ilibe ngongole iliyonse kwa boma. Woweruza sanafunse ngati mfutiyo ili yabwino pankhondo ya masiku ano. Anafunsa ngati ikukwaniritsa zimene zinalembedwa mu kontirakiti, ndipo inkakwaniritsa. M'zaka za m'ma 1990 palibe amene analemba kuti mfuti izigundabe chandamale itatha magazini asanu motsatizana kudziko lotentha. Ankaganiza za nkhondo ya ku Ulaya, msilikali akutsika m'galimoto yankhondo, mfuti zikuluzikulu zikumuthandiza. Choipanso kwa boma n'chakuti linapitiriza kuitanitsa mfuti zomwezo pa mfundo zakale zomwezo madandaulo atayamba kale kumveka. Ukalandira katundu n'kusainira kuti ali bwino, sungabwere pambuyo pa zaka 15 n'kunena kuti umafuna wina.

Tadala:
Pepani akuluakulu, ine ndimangomva kuti asilikali anafa ku Afghanistan chifukwa cha mfuti imeneyi. Si zoona?

Mbewe:
Achimwene, imeneyo ndi nkhani ya pa 2 Epulo 2010, Lachisanu Loyera, pamudzi wa Isa Khel kufupi ndi Kunduz. Asilikali atatu a ku Germany anaphedwa pankhondo imene inatenga maola ambiri, ndipo mbiri ya kutentha kwa mfuti inakula pambuyo pake. Koma mu 2015 boma linakhazikitsa komiti yotsogoleredwa ndi Winfried Nachtwei ndi Hellmut Königshaus, imene inafunsa asilikali amene anamenyadi nkhondo ndi mfutiyi. Inapeza kuti palibe msilikali amene anafa kapena kuvulala chifukwa cha kuphonya kwa G36. Asilikaliwo ankaiyamikira kuti ndi yopepuka ndipo sikakamira wamba. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka: labotale ikuti mfuti ili ndi vuto, oigwiritsa ntchito akuti ilibe. Onse sakunama. Pankhondo yeniyeni zipolopolo zambiri zimawomberedwa kuti mdani agwetse mutu pansi, osati kuti chilichonse chigunde munthu. Msilikali amene wathamanga, akupuma mwawefuwefu, manja akunjenjemera, kuphonya kwake kumaposa kuphonya kwa mfuti. Kupatuka kwa masentimita 30 sangakuone. Makina ogwira mfuti pabenchi ndi amene amakuona.

Lithuania, amene amagwiritsanso ntchito G36, anaimitsa kaye kugula, anayesa okha, kenako anapitiriza kugula.

Kachingwe:
Chabwino. Ndiye atatsimikiza kuti asintha, chinavuta n'chiyani? Mfuti za 5.56 zili mbwee pamsika.

Nankhoma:
Tenda inatuluka mu Epulo 2017, ya mfuti 120,000. Asanayambe n'kuyesa komwe opikisana anayamba kuthawa. SIG Sauer inachoka kumapeto kwa 2017, ikudandaula kuti mfundo zikukondera Heckler & Koch. Madandaulo ake aakulu anali awiri. Loyamba, zipolopolo zimene adzayesere sizinaperekedwe kwa opikisana kuti akonzekere, pomwe kampani imene imagulitsa kale ku Bundeswehr inkazidziwa. Lachiwiri, tenda inakana mfuti iliyonse yokhala ndi luso lolamulidwa ndi malamulo a ku America a ITAR, chifukwa Germany sinkafuna kumapempha chilolezo ku Washington pa mfuti yakeyake. Rheinmetall ndi Steyr, amene anabwera ndi RS556, anachoka kumayambiriro kwa 2018. Kunatsala awiri: Heckler & Koch ndi mfuti zake ziwiri, HK416 ndi HK433, ndi C.G. Haenel ya ku Suhl ndi MK556. Mu Okutobala 2018 zinamveka kuti palibe mfuti ngakhale imodzi imene inakhoza mayeso oyamba, ndipo anawapatsa nthawi yokakonza.

Tenda ikatsala ndi opikisana awiri, boma lataya kale mphamvu. Mmodzi akagwa pa chifukwa chilichonse, winayo wapambana popanda mpikisano.

Che Saidi:
Kulephera kwa onsewo kunachokera pa kulemba zofuna zosagwirizana. Tenda sinatchule kukula kwa chipolopolo, inasiya poyera pakati pa 5.56 ndi 7.62. Koma inaika malire a kulemera, makilogalamu 3.6. Mfuti ya 7.62 yolimba, yokhala zaka zambiri, siikwana m'malire amenewo. Ndiye onse anabwera ndi 5.56, pamene zina zimene ankafuna pa kuboola ndi mtunda zinkakomera chipolopolo chachikulu. Heckler & Koch yomweyo inalembera nduna mu 2019 kudandaula za zimenezi. Walira mvula walira matope: ukafuna chipolopolo choboola kutali, uvomere mfuti yolemera, kukankha kwamphamvu paphewa ndi zipolopolo zochepa m'thumba. Chipolopolo chathunthu cha 5.56 chimalemera magalamu pafupifupi 12, cha 7.62x51 pafupifupi 24. Zipolopolo 210, magazini asanu ndi awiri, ndi makilogalamu 2.5 mbali ino ndi makilogalamu 5 mbali inayo, osawerengera magazini enieniwo.

Gondwe:
Ndipo amene anasankha mbali inayo ndi America. Mu Epulo 2022 anapatsa SIG Sauer kontirakiti ya mfuti imene pano ikutchedwa M7, ya chipolopolo chatsopano cha 6.8x51. Cholinga chawo n'kuboola zovala zoteteza pachifuwa ali patali. Kuti mpope waufupi utulutse liwiro lokwanira anakweza mphamvu ya onga kwambiri, mpaka chigoba cha chipolopolo anachipanga cha zitsulo ziwiri, thupi la buraasi ndi tsinde lachitsulo cholimba, kuti chisaphulike. Zotsatira zake: mfuti ya makilogalamu 3.8, ndi sailensa pafupifupi 4.5, pamene M4, mfuti imene akhala akugwiritsa ntchito, ili cha m'ma 3. Magazini imatenga 20 m'malo mwa 30, ndipo msilikali amanyamula 140 m'malo mwa 210. Moto wochuluka chonchi umadyanso khosi la mpope msanga. Ine ndimaona kuti Germany inachita bwino kukhala pa 5.56.

Che Saidi:
Pamenepo sindikuvomerezani kwathunthu. Zovala zoteteza zatsika mtengo ndipo aliyense akuvala. 5.56 wamba ya SS109, ya magalamu 4, siboola mbale yabwino ya seramiki ya m'zovalazo ngakhale pafupi. Kukhala pa 5.56 n'kusankha kuti ntchito yoboola muisiyire mfuti zina za m'kagulu: mfuti yachiwaya ya MG5 ndi za akatswiri olozera patali, zonse za 7.62. Imeneyo ndi nzeru ndithu, koma tizinena poyera kuti ndi kusankha, osati kuti vuto palibe.

Mbewe:
Onjezani kuti America sikupereka M7 kwa asilikali ake onse. Ikupita kwa omenya kutsogolo, kuyambira ndi a gulu la 101st Airborne mu 2024. Oyendetsa magalimoto, okonza zida ndi ena onse atsala ndi M4. Ndiye gulu limodzi lankhondo likunyamula 5.56, 6.8 ndi 7.62 nthawi imodzi. America ili ndi ndege ndi malole okwanira kusenza mtolo umenewo. Germany ikamenya nkhondo idzamenya pakati pa France, Netherlands, Norway ndi Poland, onse a 5.56. Bokosi la zipolopolo lochokera kwa mnansi liyenera kulowa m'mfuti yako.

Tadala:
Nanga France anatha bwanji msanga? Ndimamva kuti iwo anagula HK416 yomweyo.

Nankhoma:
Anatsegula tenda mu 2014, anasankha mu Seputembala 2016, mfuti zoyamba zinafika mu 2017. Kusiyana kwake n'kwakuti analemba zinthu zotheka. Anatchuliratu 5.56, anafuna mfuti imene ilipo kale pamsika, ndipo anaika lamulo lakuti kampani ikhale ya ku Ulaya yokhala ndi malonda oposa mayuro 80 miliyoni pachaka. Lamulo limeneli linatsekera kunja makampani ang'onoang'ono a ku France komweko, ndipo andale analira kwambiri, koma linateteza boma ku kampani yoti singakwanitse kupanga mfuti zoposa 100,000 n'kuzisamalira zaka makumi. Anapikisana asanu: HK416, SCAR ya FN, ARX160 ya Beretta, MCX ya SIG Sauer ndi VHS-2 ya ku Croatia. Asanu, osati awiri.

Che Saidi:
Ndipo France inalibe mwayi wozengereza. Fakitale ya boma ya ku Saint-Étienne imene inkapanga mfuti yawo yakale ya FAMAS inatsekedwa mu 2001. FAMAS F1 ili ndi mavuto awiri pa zipolopolo za NATO. Mizere ya mumpope mwake imazungulira kamodzi pa mamilimita 305, zomwe zimakwanira chipolopolo chopepuka chakale cha magalamu 3.6. SS109 ndi yaitali ndi yolemera, imafuna kupota kofulumira, ndipo mfuti zambiri za NATO zili ndi kamodzi pa mamilimita 178. Mukaika SS109 mumpope wa 305 siikhazikika, imayamba kugwedezeka m'mlengalenga n'kukafika chammbali. Vuto lachiwiri, FAMAS imatsegula mofulumira mphamvu ikadali yambiri mumpope, ndiye inkafuna zigoba zachitsulo. Za buraasi zina zinkang'ambika. Fakitale yawo ya zipolopolo zing'onozing'ono itatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anayamba kugula kunja, mavuto n'kuyamba. Magazini yakenso inali yakeyake, ya zipolopolo 25.

Mfuti siyesedwa payokha. Imayesedwa ndi chipolopolo chimene idzadyedi. America inaziona ku Vietnam: mfuti yawo ya M16 inayesedwa ndi onga wina, n'kutumizidwa kunkhondo ndi onga wina wosiya mwaye wambiri ndi wothamangitsa makina. Chipinda cha chipolopolo sichinakutidwe ndi chrome, zotsukira sizinaperekedwe mokwanira, zigoba zinkakanirira m'kati. Komiti ya Ichord ya nyumba ya malamulo inafufuza zimenezi mu 1967.

Kachingwe:
Tibwerere ku Germany. Ndikukumbuka kuti Haenel inapambana. Inaluza bwanji itapambana kale?

Nankhoma:
Pakati pa Seputembala 2020 unduna unalengeza kuti MK556 ya Haenel yapambana. Mfuti zonse zinali zitakhoza mayeso, ndiye mtengo ndi umene unagamula. Manyuzipepala analemba kuti Haenel inapempha mayuro pafupifupi 152 miliyoni, Heckler & Koch pafupifupi 179 miliyoni. Phokoso linabuka nthawi yomweyo, chifukwa Haenel ndi kampani yaing'ono ya m'gulu la Merkel, ndipo eni ake a Merkel ndi Caracal ya ku United Arab Emirates. Koma si umwiniwo umene unaigwetsa, popeza Haenel inali itagulitsa kale mfuti ya G29 ku Bundeswehr yomweyo. Pa 9 Okutobala 2020, mwezi usanathe, unduna unabweza chigamulo chifukwa cha patent, umwini wa luso umene kampani imalembetsa kuboma. Mu Marichi 2021 Haenel inachotsedwa pa mpikisano. Inadandaula ku bungwe loona madandaulo a pa tenda, inaluza. Inapita kukhoti lalikulu la ku Düsseldorf, inaluzanso mu Juni 2022. Pa nthawi yonseyi boma silikanatha kusainira ndi wina aliyense.

Cholakwa cha ofesi yogula n'choonekeratu. Za patent zimafufuzidwa mayeso asanayambe, kampani iliyonse n'kusainira kuti luso lonse la m'mfuti yake ndi lake kapena ili ndi chilolezo, ndipo loya wa boma n'kutsimikiza payekha. Iwo anadzazifufuza atalengeza kale wopambana.

Tadala:
Patent ya chiyani kwenikweni? Mfuti zonsezi zimaoneka zofanana.

Gondwe:
Ya timabowo totulutsira madzi. Mfuti za banja la AR-15, mmene muli M16 ndi M4, zili ndi chubu kumbuyo, m'kati mwa chotsamira paphewa, mmene muli sipuling'i yobweza bolt, chitsulo chokankhira ndi kutsekera chipolopolo m'chipinda mwake. Msilikali akawoloka mtsinje kapena akatuluka m'nyanja, chubu chimenechi ndi mpope zimadzaza madzi. Madzi safinyika. Mukawombera asanatuluke, bolt ilibe kolowera pobwerera, mphamvu imakwera, ndipo thupi la mfuti likhoza kung'ambika pankhope panu. Heckler & Koch inalembetsa njira yake yoboola timabowo m'malo oyenera kuti madzi azithawa msanga. Khoti linapeza kuti CR223, mfuti ya Haenel ya apolisi ndi anthu wamba imene MK556 inachokerako, inaphwanya patent imeneyi.

Kufanana kumene mukukuonako n'koona. HK416 ndi MK556 zonse ndi thupi la AR-15 la aluminiyamu lokhala ndi pisitoni. M4 ya ku America imatenga mpweya wotentha wa onga kudzera m'kapaipi n'kuulowetsa m'kati mwenimweni mwa makina, ndiye mwaye ndi moto zimathera pa bolt, mafuta n'kumauma msanga. Ya pisitoni imasiya mpweyawo kutsogolo, pamwamba pa mpope; pisitoni imamenya kandodo, kandodo n'kukankha chonyamula bolt. M'kati mumakhala mozizira ndi moyera, koma kutsogolo kumalemera. Ndipo pisitoni ya HK416 anaitenga ku G36 yomweyo. Germany yataya thupi la pulasitiki n'kusunga mtima wake. Chimene chasintha pa nkhani ya kutentha n'chakuti mpope ndi njanji ya galasi tsopano zamangiriridwa pa chitsulo chimodzi, ndipo chogwirira cha kutsogolo sichikhudza mpope.

Kachingwe:
Ndiye pamapeto pake agula zingati, pa mtengo wanji?

Nankhoma:
Komiti ya bajeti inavomereza mfuti 118,718 za HK416 A8 pa mayuro pafupifupi 209 miliyoni. Mukagawa ndi mayuro pafupifupi 1,760 iliyonse ndi zida zake zing'onozing'ono. Dzina la usilikali ndi G95A1 ya mpope wa mainchesi 16.5, ndi G95KA1 yaifupi ya mainchesi 14. Asilikali apadera a KSK anali atasankha kale HK416 A7 mu 2017. Galasi lolozera ndi kontirakiti ina payokha, ELCAN SpecterDR yosintha pakati pa 1x ndi 4x.

Mbewe:
Ndipo mtengo wa mfuti ndi kachigawo chabe. Anthu amaiwala zimene zimasintha mfuti ikasintha. Magazini a G36 ndi akeake, okhuthala, okhala ndi timfundo tolumikizira awiri kapena atatu pamodzi. Salowa mu G95. Ndiye magazini onse atsopano, asanu ndi awiri kapena kuposa pa msilikali aliyense, kuphatikiza osungira. Matumba a pachifuwa osokedwa pa muyeso wa magazini okhuthala amakhala okhwepa, magazini opyapyala amagwedezeka kapena kugwa. Zotsekera kukamwa kwa mpope powombera zipolopolo zopanda mutu pa maphunziro, zatsopano. Makina a laser ochitira masewera a nkhondo ndi makina ophunzirira kuwombera m'nyumba ayenera kusinthidwa. Moikamo mfuti m'nyumba yosungira zida ndi m'magalimoto a Boxer ndi Puma anapimira G36. Choponyera mabomba a mamilimita 40 chomangirira pansi pa mpope chiyenera kugwirizana ndi njanji yatsopano. Okonza mfuti amafuna zoyezera zatsopano, masipanala atsopano, mabuku atsopano ndi maphunziro.

Pali china chimene oyenda m'magalimoto adzachimva tsiku lililonse. G36 imapinda chotsamira chake, kuchoka pa mamilimita 999 kufika 758. HK416 siingapinde chifukwa cha chubu cha sipuling'i chimene a Gondwe anena, imangofupika pang'ono. HK433 inkapinda, koma sinasankhidwe.

Kenako manja a msilikali. Chokokera cha G36 chili pamwamba, pansi pa chogwirira, chimakokedwa ndi dzanja lililonse mfuti ili paphewa. Cha HK416 chili kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mphuno, uyenera kuchotsa tsaya kuti ukoke. Munthu amene waphunzira zaka 10 kuthetsa kukakamira kwa mfuti mwa njira imodzi, akadzidzimuka dzanja limapita pamalo akale. N'chifukwa chake simusintha munthu mmodzimmodzi. Mumasintha bataliyoni yonse nthawi imodzi: alangizi ndi okonza mfuti poyamba, kenako masiku ophunzira popanda zipolopolo, kenako kulinganiza galasi la aliyense pabwalo, kenako mayeso owombera. Bataliyoni imene yatsala pang'ono kutumizidwa kunja simuisintha.

Tadala:
Ndiye akanayesa bwanji kuti zisadzachitikenso ngati za G36?

Gondwe:
Mayeso enieniwo ndi odziwika, NATO ili ndi buku lake lotchedwa D/14. Mumatenga mfuti zingapo za mtundu uliwonse, zotengedwa mwachisawawa pamzere wa fakitale, osati zosankhidwa ndi kampani. Mumaziyeza zonse musanawombere: mpata wa pakati pa bolt ndi chipinda cha chipolopolo, kukula kwa khosi la mpope, liwiro la chipolopolo, kumwazika pa mamita 100 ndi 300. Kenako kuzizira ndi kutentha; zipolopolo za NATO zimayesedwa pa madigiri 54 pansi pa ziro ndi 52 pamwamba. M'kuzizira mafuta amalimba, pulasitiki imathetheka ikagwa. Kenako fumbi lowuluzidwa, matope, madzi amchere, kugwetsa mfuti mbali zonse ili ndi chipolopolo m'chipinda kuti muone ngati ingalire yokha. Kenako kuwombera mpaka mpope utenthe, n'kusiya chipolopolo m'kati kuona ngati chiphulika chokha ndi moto. Kenako kuphwasula mfuti 10, kusakaniza ziwalo zake, n'kumanganso; ikakana imodzi ndiye kuti fakitale ikupala ziwalo ndi manja, ndipo masipeya adzakuvutani. Pomaliza kuwombera masauzande, mukuyezanso pakapita nthawi, mukulemba kukakamira kulikonse ndi chifukwa chake.

Phunziro la G36 n'kuwonjezera mzere umodzi wokhala ndi manambala: pambuyo pa zipolopolo zakutizakuti m'mphindi zakutizakuti, pakati pa gulu la mabowo pasasunthe kuposa masentimita akutiakuti, ndipo mfuti ikazizira pabwerere pamalo pake. Zosalembedwa ndi manambala khoti silizidziwa.

Che Saidi:
Ndipo mayeso amodzi musawakhulupirire. Kumapeto kwa 2007 America inayesa mfuti zinayi m'fumbi, 10 za mtundu uliwonse, zipolopolo 60,000 pa mtundu. XM8 inakakamira ka 127, SCAR ka 226, HK416 ka 233, M4 ka 882. Anthu anathamanga nazo kuti M4 ndi yachabe. Koma miyezi yochepa m'mbuyo mwake M4 yomweyo inakakamira ka 307 pa mayeso ofanana. Kusiyana kotere kukusonyeza kuti mafuta, magazini ndi mmene mfuti zinalili poyamba zimasintha zotsatira kwambiri. Pa 882 paja, 239 zinali za magazini. Ndipo taonani amene anapambana: XM8, mwana wa G36, thupi la pulasitiki. Mukayesa fumbi G36 ndi mfumu, mukayesa kutentha ndi wolephera. Amene wasankha mayeso wasankha mfuti.

Nankhoma:
Nkhani ya mayeso sinathe ngakhale pa G95. Kumayambiriro kwa 2024 zinatuluka kuti ofesi yowerengera chuma cha boma la Germany inadzudzula unduna kuti unafewetsa mayeso a kulondola kwa mfuti yatsopanoyi, polola zipolopolo zina m'malo mwa zimene asilikali amanyamula. Unduna unakana, unati kusinthako kunali koti ayeze mfuti payokha popanda zolakwa za chipolopolo. Mbali zonse zili ndi mfundo, koma pa kontirakiti ine ndingafune zonse ziwiri zilembedwe: muyeso wa mfuti ndi chipolopolo chabwino kwambiri, ndi muyeso wina wa mfuti ndi chipolopolo cha m'nkhokwe. Woyamba umakuuzani amene mungamusumire, wachiwiri umakuuzani chimene msilikali adzapeze.

Kachingwe:
Funso lomaliza kwa ine. Sakanangokonza G36 yomweyo? Britain inachita choncho ndi mfuti yawo ya SA80.

Gondwe:
Britain inapereka mfuti pafupifupi 200,000 kwa Heckler & Koch kuyambira mu 2000, n'kutuluka L85A2. Koma kumeneko zovuta zinali ziwalo zosinthika: bolt, chokokera chigoba, pini yomenyera, masipuling'i, magazini, ziwalo za mpweya. Mumachotsa chakale, mumaika chatsopano, thupi lachitsulo limatsala. Pa G36 vuto lili m'thupi lenilenilo, pamene mpope wagwirana ndi pulasitiki. Kukonza pamenepo n'kusintha thupi, mpope wokhuthala ndi njanji ya aluminiyamu. Chotsala chakale ndi trigger ndi chotsamira. Mwalipira pafupifupi mtengo wa mfuti yatsopano, mwatsalabe ndi magazini osagwirizana ndi a anzanu.

Mbewe:
Ndipo G36 sizikupita kung'anjo mawa. Mfuti zoposa 100,000 zimafika pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndiye mitundu iwiri idzakhala limodzi nthawi yaitali, ndipo zakale zili ndi ntchito kwa asilikali apambali ndi olondera malo, amene sawombera magazini asanu motsatizana. Chofunika pa nthawi imeneyi n'kusaleka kugula masipeya a G36 msanga. Ofesi ikangomva kuti mfuti ikuchoka imasiya kuitanitsa mapini, masipuling'i ndi zokokera zigoba, ndiye magulu amene ali kumapeto kwa mndandanda amayamba kuphwasula mfuti zina kuti akonzere zina. Magazini akale nawo muziwachotsa m'gulu tsiku lomwe lalandira G95, asasakanikirane m'bokosi limodzi, chifukwa usiku msilikali amatola ndi dzanja osayang'ana.

Che Saidi:
Zipolopolo zokha ndi zimene sizisintha, a Mbewe, koma galasi lililonse alilinganize ndi mtundu umene gulu lanyamula. Mpope wa mainchesi 14 umatulutsa liwiro lotsika kuposa wa 16.5, ndipo onse awiri ndi aafupi kuposa wa G36. Timizere ta m'galasi tolozera pa mamita 400 ndi 500 tinajambulidwa pa liwiro limodzi, ndiye amene ali ndi G95KA1 akayese yekha pabwalo kuti chipolopolo chake chikugwera pati pa mitunda imeneyo, alembe pakapepala, amate pa chotsamira.